Makalata a Leibniz pa Mapu: Zimene Mizere Simatiuza

Moni nonse amene mukuonera pulogalamu ino. Lero tili ku Hannover, m'dziko la Germany, kumene laibulale yotchedwa Gottfried Wilhelm Leibniz Bibliothek ikusunga makalata pafupifupi 15,000 a Leibniz, katswiri wa filosofi ndi masamu amene anabadwa mu 1646 n'kumwalira mu 1716. Iye ankalemberana ndi anthu oposa 1,000, makamaka m'Chilatini, Chifalansa ndi Chijeremani, ndipo mu 2007 bungwe la UNESCO linazindikira makalatawa kuti ndi chuma cha dziko lonse. Kodi mapepala akale chonchi amasanduka bwanji mapu amene mukuwaona pa sikirini?

Choyamba, pepala lililonse limajambulidwa kutsogolo ndi kuseri komwe. Chachiwiri, akatswiri amalemba mu kompyuta dzina la wolemba, la wolandira, malo ndiponso tsiku. Tsikulo ndiye limavuta, chifukwa madera achipulotesitanti a ku Germany anayamba kutsatira kalendala ya Gregory, imene timagwiritsa ntchito lero, mu 1700, pamene England inakhalabe pa kalendala yakale, yotsalira ndi masiku 11, mpaka 1752. Motero kalata yochokera ku London ikhoza kuoneka ngati inachedwa panjira masiku 11 amene sinachedwe n'komwe. Chachitatu, maina achilatini a mizinda, monga Lipsia, amalumikizidwa ndi malo enieni, omwe pano ndi Leipzig. Kenaka pa mapu pamajambulidwa mzere pakati pa malo a wolemba ndi a wolandira, ndipo makalata akachuluka mzerewo umanenepa.

Tisanapitirize, ngati nkhani zoterezi zimakusangalatsani, dinani batani la subscribe, chifukwa zimatithandiza kuti mavidiyowa afike kwa anthu ambiri.

Tsopano tifike pa bodza limene limandipweteka mtima. Anthu ambiri akaona mapu oterewa amanena kuti mzere wonenepa ukusonyeza munthu amene anali wofunika kwambiri pa maganizo a Leibniz, ndipo mzere wowonda ukusonyeza munthu wongodutsa. Zimenezi si zoona m'pang'ono pomwe. Taonani mzere uwu wopita ku The Hague, m'dziko la Netherlands, kwa katswiri wina wa filosofi, Baruch Spinoza. Ndi wowonda ngati ulusi, chifukwa zimene zinatsala ndi kalata ya Leibniz ya mu 1671 yokamba za magalasi oonera zinthu, pamodzi ndi yankho la Spinoza. Koma mu Novembala 1676 Leibniz anapita yekha kukaonana ndi Spinoza, ndipo anakambirana pamasom'pamaso nkhani zakuya, kuphatikizapo umboni wakuti Mulungu alipo. Zokambirana zapakamwa sizisiya mzere pa mapu, ngakhale kuti Leibniz analimbana ndi maganizo a Spinoza kwa zaka zambiri pambuyo pake.

Onaninso mtsutso wotchuka wa mu 1715 ndi 1716 pakati pa Leibniz ndi Samuel Clarke, mnzake wa Isaac Newton, wokhudza Mulungu, malo ndi nthawi. Mapepala asanu a Leibniz ndi mayankho asanu a Clarke ankadutsira m'manja mwa Caroline, mkazi wa kalonga wa ku Wales. Ndikufunseni inu amene mukuonera: mzerewo tiujambule kupita kwa Clarke kapena kwa Caroline? Kompyuta singasankhe zimenezi, amasankha ndi munthu amene wawerenga makalatawo. Lembani yankho lanu m'munsimu, ndidzawerenga.

Ndiye palinso nthawi, imene mzere wowongoka umaibisa kotheratu. Joachim Bouvet, wansembe wachikatolika wa chipani cha Ajezwiti amene anali ku Beijing, analemba kalata mu Novembala 1701 n'kuikamo chithunzi cha zizindikiro 64 za m'buku lakale la ku China lotchedwa Yijing. Kalatayo inafika m'manja mwa Leibniz mu Epulo 1703, patatha miyezi pafupifupi 17, koma pa sikirini ulendo wonsewo ukuoneka ngati kuphethira kwa diso.

Tibwerere ku ntchito ya akatswiri ija. Chachinayi, mawu enieni a m'makalata amakoperedwa ndi kusindikizidwa. Buku loyamba la ntchito imeneyi linatuluka mu 1923, ndipo mpaka lero akatswiri akadali pa ntchitoyo. Mu vidiyo yotsatira tidzatsegula kalata ya Bouvet ija, kuti tione mmene Leibniz anagwirizanitsira zizindikirozo ndi masamu ake a 0 ndi 1.