Fayilo imene ili malo amodzi, dziwani kuti mulibe

Zikomo nonse, a pulofesa, madokotala athu, achimwene ndi achemwali a masters ndi PhD, amene mwaima pakhomopo lowani mipando ilipo kuno kutsogolo. Chatisonkhanitsa mwachimva kale. Mnzanu wina, dzina sinditchula, anamubera laputopu sabata yathayi, ndipo mmenemo munali zonse, mawu a anthu amene anawajambula powafunsa mafunso, machaputala anayi, ndi zonse zimene supervisor anakonza. Fulashi anali nayo inde, koma inali m'chikwama chomwecho cha laputopucho, ndiye zinapitira limodzi. Anabwera ku ofesi kwathu, ife osamalira makompyuta a sukulu, kudzafunsa ngati tingabweze, ife tibweza chani poti pa seva ya sukulu sanaikepo kanthu.

Ndiye mawu anga lero ndi amodzi ndipo ndiwabwereza mpaka mutope nane: fayilo imene ili malo amodzi, dziwani kuti mulibe.

Musaganize kuti izi zimagwera ophunzira osasamala okha ayi. Chakumapeto kwa 2019 ku yunivesite ya Maastricht ku Netherlands, akuba a pa intaneti analowa mu netiweki yawo kudzera pa imelo yachinyengo imene wina anaitsegula, anatseka mafayilo ndipo ena mwa ma backup, makope osungidwa padera, anakhudzidwanso, mpaka sukuluyo inalipira pafupifupi 200,000 euro kuti iwatsegulire. Ku Kyoto University ku Japan mu December 2021 kunalibe wakuba aliyense, pulogalamu yomwe imayenera kusamalira mafayilo pa kompyuta yawo yayikulu ija ndi imene inalakwitsa n'kufufuta deta ya kafukufuku yokwana 77 TB. Anthu a makina apamwamba amenewo. Nanga inu ndi fulashi yanu yopanda chivindikiro imene mumailowetsa mu kompyuta iliyonse mukafuna kusindikiza, mukabwera nayo mafoda onse asanduka ma shortcut, mukadina sizikutseguka, kenako mukuthamangira kwa ife thukuta lili kamukamu.

Anthu osamalira deta ali ndi lamulo amati 3-2-1. Makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, ndipo limodzi likhale kutali ndi pamene inu muli. Laputopu ndi loyamba, hard drive yakunja imene imatsala kunyumba ndi lachiwiri, lachitatu ndi malo amene yunivesite inakupatsani pa intaneti limodzi ndi imelo ya sukulu ija. Eee imelo ija imene ambiri munaitsegula tsiku lolembetsa basi, pasiwedi munaiwala kalekale. Aphunzitsi musaseke, ena mwa inu mumanditumizirabe mauthenga pa imelo imene munatsegula muli ku sekondale.

Komanso kasungidwe kake. Ndikatsegula laputopu ya munthu ndimapeza thesis final, thesis final2, thesis final yeniyeni, thesis final yeniyeni yokonza, ndikafunsa yatsopano ndi iti mwini wakeyo akuyamba kutsegula imodziimodzi. Yambani dzina la fayilo ndi chaka, mwezi, tsiku, zimandandalika zokha. Ndipo deta imene mwabwera nayo kuchokera kwa anthu, yosakonza ija, muiike mu foda yakeyake musamaigwire, muzigwira ntchito pa kope, chifukwa tsiku lina mudzasanja mzere umodzi mu Excel n'kusiya ina yonse, mayankho a munthu uyu n'kupita kwa uyo, osadziwa.

(Wina kumbuyo: Koma bwana ine zanga zonse zimapita zokha pa Google Drive, si backup imeneyo?)

Funso labwino achimwene, khalani pansi ndiliyankhe bwinobwino chifukwa ambiri mukuganiza chomwecho. Mwachita bwino kuposa amene alibe kalikonse, laputopu ikabedwa inu mupulumuka. Koma chimene mwanenacho ndi sync, ndipo sync ili ngati galasi, chimene mwachita kuno chachitikanso uko. Mwafufuta foda mwangozi pa laputopu, kumwambako yafufutikanso, imakakhala mu trash masiku 30 kenako yapita, ndiye ngati ndi foda ya chaputala chimene simunachitsegule miyezi itatu mudzazindikira mochedwa. Vairasi ikaononga fayilo, yoonongekayo ndi imene ikwere. Mpake ndikunena kuti pakhale kope lina limene silinalumikizidwe ndi kalikonse, hard drive yoti mwakopera, mwaichotsa, mwaiika mu kabati.

Chachiwiri, Drive yanuyanu yaulere ndi 15 GB ndipo imagawana ndi Gmail ndi zithunzi zanu, ikadzaza imangosiya kukweza inu muli phee mukuti zonse zili bwino. Munalowamo liti kukaona ngati fayilo ya dzulo ilimodi? Chachitatu ndiye chachikulu. Ngati mu detamo muli mayina a anthu, manambala a foni, matenda awo, inu munalonjeza ku komiti yoona za chilolezo cha kafukufuku kuti zimenezo muzisunga mwachinsinsi, ndipo anthuwo anasaina fomu pokukhulupirirani. Simungaziike paliponse pamene mwafuna, kaya kuzitumiza pa gulu la WhatsApp kuti mnzanu akuthandizeko kulemba. Mayina achotseni muike manambala, ndandanda yolumikiza dzina ndi nambala ikhale payokha yokhoma ndi pasiwedi, ndipo pomwe mungasunge ndi pamene munalemba mu protocol yanu. Ngati simukudziwa bwerani mudzafunse, safunsa anadya phula. Ndipo mbali inayo, akaunti ya sukulu nayonso si yamuyaya, mukamaliza maphunziro imatha kutsekedwa, ndiye musanavale gauni koperani zanu. Mwamva achimwene? Fayilo imene ili malo amodzi mulibe, ngakhale malo amodziwo akhale Google.

Chimene chimandiwawa ine n'choti zambiri zimene mumavutika nazo zilipo kale ndipo simulipira. Munthu akuika SPSS, pulogalamu yosanthulira deta, yobedwa, yotsitsa pa webusaiti yosadziwika, imabwera ndi vairasi mkati, pamene R, yogwira ntchito yomweyo, ndi yaulere, ndipo ngati kulemba ma code kukuopsani pali jamovi ndi JASP zongodina ngati SPSS yomweyo. Wina akulemba mareferensi 150 pamanja usiku wonse, supervisor n'kunena kuti sinthani kalembedwe, ayambirenso, pamene Zotero ilipo kuyambira 2006, yaulere, mumangosankha kalembedwe kena zonse zasintha. Wina akuyenda ndi mapepala a mafunso, anyowa ndi mvula, pamene KoboToolbox kapena ODK imagwira pa foni popanda netiweki n'kudzatumiza mukaipeza. Ndiye za majenolo, musamangoona pakuti lipirani n'kutseka, yambani mwalowa kudzera ku laibulale, mufunse ngati sukulu ili pa Research4Life, njira yowerengera majenolo mwaulere kapena motchipa, imene inayamba ndi Hinari ya WHO mu 2002 ya zaumoyo kenako AGORA ya zaulimi mu 2003, ndi zina. Anthu a ku laibulale amakhala akudikira munthu woti amuphunzitse, inu mumangopitako kukatchaja foni.

Ndaona ena mwayamba kuyang'ana nthawi, chabwino ndithamange. Lero lomwe musanagone koperani foda yonse ya kafukufuku pa hard drive, ndipo hard drive isayende m'chikwama chimodzi ndi laputopu. Mawa bwerani tidzakutsegulireni imelo ya sukulu, tikuikireninso eduroam, Wi-Fi ya mayunivesite, ngati mulibe, mukapita ku yunivesite ina imene ili nayo mumangolumikizika ndi pasiwedi yomweyo. Yatsani chitetezo chija chotumiza nambala pa foni polowa mu akaunti. Imelo yonena kuti akaunti yanu itsekedwa dinani apa, osadina, titumizireni ife tione. Tsegulani ORCID, ndi nambala ya madijiti 16 yokusiyanitsani ndi ena a dzina ngati lanu, sizitenga nthawi. Amene mwatsala pang'ono kumaliza, deta yochotsa mayina ikhoza kupita ku repository ya sukulu, nkhokwe ya pa intaneti yosungiramo kafukufuku, kapena ku nkhokwe ya Zenodo ya bungwe la sayansi la CERN, imakupatsani DOI, nambala yokhazikika yopezera detayo pa intaneti. Ndipo kamodzi pa mwezi tsegulani backup yanuyo muone ngati mafayilo akutsegukadi, osangokhulupirira. Aphunzitsi, mukakumana ndi wophunzira wanu funso loyamba likhale lakuti deta ili malo angati, akati amodzi musawerenge chaputalacho, mubwezeni akakopere kaye.

Pepala likuzungulira ilo, amene munaiwala pasiwedi lembani dzina ndi dipatimenti, pasiwediyo musalembepo chonde. Amene mwabwera ndi malaputopu tsalani tiyambe ndi mzere wakutsogolowu.