Mphamvu yokoka ndi kufutukuka kwa chilengedwe

Zikomo amfumu, zikomo amayi ndi abambo. Achinyamata muli kumbuyoko senderani kuno muone bwino mphira ndagwirayi.

Ndi ya chubu cha njinga, yotalika masentimita 30, ndipo ndamangapo timfundo ta ulusi pa masentimita 5 aliwonse. Kamfundo kalikonse tikayese mlalang'amba, gulu la nyenyezi mabiliyoni ambirimbiri. Ndikaikoka mpaka ifike masentimita 60, kamfundo koyandikana ndi chala changa kasuntha masentimita 5, pomwe kamene kanali pa 25 kafika pa 50. Nthawi ndi imodzimodzi, koma kakutali kathamanga kasanu kuposa kapafupi. Gwirani kamfundo kena kalikonse muyezenso, mupeza zomwezo, ndiye palibe kamene kangati pakati pali ine. Mukamaphunzitsa ana musalembe madontho ndi cholembera, chifukwa madonthowo amatambasuka limodzi ndi mphira, mwana n'kuganiza kuti milalang'amba imakula. Siikula, mphamvu yokoka inaimanga.

Chilengedwe chikufutukuka ngati mphirayi, ndipo izi ndi zimene wansembe wa ku Belgium, Georges Lemaître, anazipeza mwa masamu mu 1927, ndipo Edwin Hubble anazionetsa mu 1929 ndi makina oonera zakuthambo a pa Mount Wilson ku California.

Tsono tibwerere m'mbuyo. Zaka pafupifupi 13.8 biliyoni zapitazo zonse zinali zothithikana, zotentha koopsa, zikufutukuka. Mphamvu yokoka, yomwe ija imagwetsa mango mumtengo, inkagwira ntchito ngati buleki, chinthu chilichonse chikukoka chinzake. Ikanapambana, zonse zikanabwerera n'kuunjikana nyenyezi isanayake ndi imodzi yomwe. Kufutukuka kukanathamanga mopitirira, mpweya ukanamwazikana osaumbika kanthu.

M'mphindi zochepa zoyambirira munapangika mitima ya maatomu opepuka: mwa kulemera, magawo 3 mwa 4 haidrojeni, gawo lotsalalo hiliyamu. Patatha zaka 380,000 kutentha kunatsika kufika pa madigiri pafupifupi 3,000, maatomu anakhazikika, kuwala kunayamba kuyenda momasuka. Kuwalako kulipobe, kungoti kunazizira mpaka madigiri 270 pansi pa ziro. Arno Penzias ndi Robert Wilson anakulengeza mu 1965 atakumva ngati phokoso losatha pa mlongoti wawo ku New Jersey.

Apa ndiye pagona nkhani, mumvetsetse. Mu 1992 setilaiti ya COBE inaonetsa kuti kuwalako si kofanana ndendende mbali zonse. Kumasiyana ndi gawo limodzi pa 100,000. Kusiyana kochepaku kukutiuza kuti malo ena anali othithikana pang'ono kuposa anzake. Malo otere ankakoka kwambiri, kufutukuka kwake n'kumachedwa, mpaka kunaima, zinthu n'kuyamba kugwera pamodzi. Koma mpweya wamba sukanatha kuunjikana msanga, popeza kuwala kunkaukankha. Chimene chinatsogola ndi zinthu zosaoneka zotchedwa dark matter, zochuluka pafupifupi kasanu kuposa zinthu wamba, zomwe kuwala sikuzikankha. Mpweya unagwera m'milu yake, nyenyezi zoyamba n'kuyaka.

Bulekiyo sinagwire mpaka kalekale. Milalang'amba ikamatalikirana, kukokana kumachepa, ndipo mu 1998 magulu awiri a akatswiri anapeza kuti kufutukuka tsopano kukuwonjezera liwiro. Pafupi ndi ife pokha kukokana kukadali ndi mphamvu: mlalang'amba wa Andromeda ukubwera kuno pa liwiro la makilomita pafupifupi 110 pa sekondi. Amene ali ndi funso akweze mkono.