Alonda andiimitsa ndikuthamanga mmawa uno

Moni abale anga konse kumene muli, a ku Joni kuno, a ku Cape Town, a ku Durban, ndi inu amene mukumvera muli kumudzi, takulandiraninso. Mukamva mawu anga akunjenjemera musaganize kuti ndi chimfine, ndi mtima umene sunatsikebe chiyambire mmawa, ndiye ndati ndisanagone ndiyatse kaye foni ndiyankhule, apo bii mawa ndidzuka nazo ndikakalipira munthu wosalakwa.

Amene mwakhala mukumvera mukudziwa kuti ine ndimathamanga mbandakucha ndisanagwire khasu la abwana. Lero ndadzuka kukadali mdima, kuzizira kwake kwa June kuja kumene zala zimakana kumanga zingwe za nsapato, ndavala kabudula ndi sikipa, ndatuluka pa geti. Ndisanafike patali ndikuona kuwala kumbuyo kwanga, galimoto ikubwera pang'onopang'ono, siikundipitirira, siikuima. Alonda aja a kampani amene amazungulira m'ma suburb usiku wonse. Kenako tochi kumaso, phaa! Wina watuluka kale dzanja lili m'chiuno, akuti iwe, ukuthawa kuti, waba chiyani. Ine ndikupuma wefuwefu, ndikuyesa kuyankha mu Chizulu changa chothyokathyoka chija, basi ndadzigulitsa ndekha, akuyang'anizana, akuti aa ndi wa kunja uyu, mapepala.

Abale anga, kabudula wothamangira ali ndi thumba loika pasipoti? Ndinawaonetsa chithunzi chake mu foni akuti chithunzi aliyense akhoza kujambula. Andikhazika pansi m'mphepete mwa msewu, manja pamutu, thukuta likuuma ndi mphepo, ndili zyoli ngati nkhuku yonyowa. Ndiye chimene chandipweteka kwenikweni si kukhala pansiko ayi. Ndili pompo kwadutsa anthu awiri, mwamuna ndi mkazi, a m'nyumba zikuluzikulu zomwezi, akuthamanga ndi galu wawo, msewu womwewo, mdima womwewo, ndipo mlonda yemweyu amene tochi yake ili pamphumi panga wawapatsa moni mwaulemu mpaka kuwaweyulira dzanja. Galu yekha ndi amene anaima kundinunkhiza.

Zinatha ndi kuimbira abwana. Abwera pa galimoto atavala gauni yogonera, angoti eya ndi wanga uyu, amagwira m'gadeni mwanga, alonda aja nthawi yomweyo sore sore. Ndinathokoza, sindinama, chifukwa tonse tikudziwa kumene nkhani zoterezi zimakathera ngati palibe wokuyankhulira. Koma tili m'galimoto kubwerera abwana akuseka, akuti sindimadziwa kuti uli ndi mphamvu zotsala chonchi, ndiye Lamlungu ubwere tisamutse miyala ija kuseri. Za ndalama ya Lamlungulo sanatchule. Ndipo awa ndi abwana omwe aja a nkhani ya December, amene munaimva mukukumbuka, bonasi inasanduka malaya akale. Munthu ukangooneka kuti uli ndi kamphamvu kako kapadera, wina amaona ngati wamubera.

Ndipo apa ndilalikira pang'ono, amene satha kupirira apititse patsogolo. Ife tikabwera kuno anthu amationa manja ndi msana basi. Ndipo choopsa nchoti pakapita nthawi nafenso timayamba kudziona chomwecho. Kudzuka, ntchito, kutumiza ndalama, kugona, Loweruka mowa, Lolemba mutu. Thupi lonse lapita kwa abwana, malipiro onse apita kumudzi, iwe mwini watsala ndi chiyani? Ine ola limodzi lija la mmawa ndi langa. Palibe amene amandilipira, palibe amene amandituma, ndikafuna kukhota kumanja ndimakhota. Alipo anzanga amati iwe ntchito ya m'gadeni ndi jimu kale, ukuvutikiranji. Achimwene, kuwerama tsiku lonse kumathyola msana, sikulimbitsa mtima. A World Health Organization amanena kuti munthu wamkulu azipeza mphindi zosachepera 150 pa sabata zochita zinthu zoti mtima ugunde mwamphamvuko, kuyenda ndawala, kupalasa njinga, zotero, kapena mphindi 75 ngati ukuthamanga zenizeni. Gawani pa masiku asanu, ndi theka la ola basi. Theka la ola limene timathera pa TikTok tili m'bulangete. Ndiye timadabwa anyamata a zaka makumi atatu akuuzidwa ku kiliniki kuti BP yakwera, shuga wayamba. Tinabwera kudzasaka moyo, tisabwerere mu bokosi chifukwa cha ulesi, zina zimene zimatipha kuno nzokwanira kale.

Ndipo amene mwangofika kumene ku Joni mukayamba kuthamanga musachite mantha mukaona mpweya ukuperewera. Mzinda uno uli pamwamba, mamita opitirira 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya wake ndi wopepuka. Ine masiku oyamba ndinkangofika pa kona chifuwa chili moto. Thupi limazolowera lokha, limapanga magazi ochuluka onyamula mpweya, nchifukwa chake akatswiri a ku Kenya ndi Ethiopia amakonzekera kumapiri. Tsiku limene ndinapita ku Durban kukaona msuweni wanga ndinathamanga m'mbali mwa nyanja, aa, ndinkangomva ngati miyendo si yanga, anyamata a kumeneko ndinawasiya akuwerenga manambala a kumsana kwanga.

Kunena za Durban, loto langa lalikulu mukulidziwa, Comrades. Mpikisano uja wa pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg, makilomita pafupifupi 90, chaka china akwera chaka china atsika, ndipo ukapitirira maola 12 amawomba mfuti nkutseka, kaya watsala mapazi awiri mendulo palibe. Unayamba 1921, anauyambitsa msilikali wina Vic Clapham pokumbukira anzake a pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Koma tamverani izi, anthu akuda ndi azimayi anayamba kuloledwa mwalamulo mu 1975. Zaka zonsezo msewu uli pomwepo, miyendo ali nayo, koma ayi. Munthu wakuda woyamba kupambana anali Sam Tshabalala mu 1989. Ndiye kunabwera Stephen Muzhingi wa ku Zimbabwe, mlendo ngati ine ndi inu, anawina 2009, 2010, 2011, katatu kondondozana pa msewu wa eni ake. Ndiye wina azindifunsa kuti ndikuthawa chiyani? Sindikunena kuti ndidzawina ayi, mawondo anga ndimawadziwa, koma mendulo yomaliza ija ndidzaipachika pakhoma, lembani penapake.

Amene mukufuna poyambira, kuli parkrun, makilomita 5 Loweruka lililonse mmawa, ulere, umangolembetsa pa intaneti nkutenga barcode yako. Inayamba ku London mu 2004, kuno inafika 2011 ku Delta Park, anaibweretsa Bruce Fordyce yemwe uja anawina Comrades kasanu ndi kanayi. Palibe amene amakufunsa kuti kwanu nkuti. Vuto ndi loti ambirife Loweruka tili pa ntchito, ine ndimapita pokhapokha abwana akapita ku holide, ndipo musawauze.

Koma nyumba yomweyi, ndinene chilungamo, ndi imenenso inandipatsa mabuku. Madam anatulutsa makatoni kuti ndikataye, ndikutsegula ndikupeza mabuku okhaokha, ena sanatsegulidwe nkomwe. Ndinawanyamula usiku kupita nawo kuchipinda kwanga. Ine sukulu ndinalekera panjira, chizungu cha m'mabuku chimandipinda, tsamba limodzi ndimatha kulibwereza mpaka tulo, koma ndimakakamira. Mnzanga amene ndimagona naye chipinda amandiseka, akuti professor wa maluwa, iye zake ndi mafilimu a karate pa foni mpaka pakati pa usiku, voliyumu mwakemwake, anthu akumenyana kuyambira poyamba mpaka pothera osadziwika chimene alakwirana. Ine mafilimu ndimawakonda, musandimve molakwa, koma filimu imakutafunira zonse, nkhope, nyimbo, pomwe uyenera kulira. Buku limakusiya wekha umange nyumba, usankhe nkhope, ndipo ine anthu onse a m'mabuku ndimawapatsa nkhope za anthu a kwathu, kaya nkhaniyo ikuchitikira ku Russia.

Filimu imodzi yokha ndi imene inatikhazika chete tonse awiri, ija ya William Kamkwamba, The Boy Who Harnessed the Wind, inatuluka 2019 pa Netflix. Chiwetel Ejiofor ndi amene anaiwongolera komanso kusewera ngati bambo ake, ndipo Chichewa chake, abale, tinaseka mpaka misozi, koma kenako tinasiya kuseka chifukwa munthu wamkulu ngati uja kukhala pansi kuphunzira chiyankhulo chathu si masewera. Kumva Chichewa chikutuluka mu foni muli m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya eni, dziko la eni, mnzanga wa karate uja ndinamuona akupukuta m'maso akuti ndi utsi wa heater. Ndipo taonani chimene chinachitika m'nkhani ija, mnyamata wachotsedwa sukulu chifukwa cha fizi nthawi ya njala ya 2002, akupita ku kalaibulale kakang'ono, akupeza buku la Using Energy, chizungu sakuchimva bwino, akutsatira zithunzi, mpaka wamanga makina a mphepo opanga magetsi ndi zidutswa za njinga. Munthu uja anakamaliza digiri ku Dartmouth ku America mu 2014. Ndiye inu mukuti simuwerenga chifukwa chizungu chimavuta? Iye chinkamuvutanso.

M'makatoni muja munali buku lina la nkhani za tulo, ndipo limeneli landithandiza pa chinthu chimene chinkandisowetsa mtendere. Ine ndimalota kwambiri, ndipo pafupifupi maloto onse ndimakhala ndili kumudzi. Koma kumudzi kwake kosokonekera. Ndikuyenda kanjira ka kwathu, ndikukhota, ndatulukira pa taxi rank ya ku Joni. Mayi anga akundiyankhula Chizulu. Tsiku lina ndinalota malemu agogo anga akundifunsa permit pakhomo pa nyumba yawo, ndikusanthula m'matumba mulibe, akuti ndiye sulowa. Ndinadzuka mtima ukugunda, tsiku lonse ntchito sinayende, ndinaimba foni kumudzi kufunsa ngati kuli bwino, akuti kuli bwino koma poti waimba tumizako kangachepe. Ndinaziputa ndekha.

Ndiye bukulo likuti tulo timayenda mozungulira, kuzungulira kumodzi pafupifupi mphindi 90, ndipo muli gawo lina limene maso amayendayenda pansi pa zikope, amalitcha REM, anatulukira asayansi awiri ku Chicago mu 1953, Aserinsky ndi Kleitman. Maloto omveka bwino aja ambiri amabwera mu gawo limeneli, ndipo thupi limakhala ngati lazimitsidwa kuti usadzuke nkuyamba kuchita zimene ukulotazo. Nchifukwa chake m'maloto ukamathamangitsidwa miyendo imalemera, ine ndimaganiza choncho. Komanso gawo limeneli limatalika kukamayandikira kucha, ndipo munthu ukadzutsidwa uli mkati mwake loto umalikumbuka lonse. Ndiye ine alamu yanga imalira nthawi yeniyeni imene filimu ili pakati. Anzanga amene amati salota, amalota, kungoti amadzuka filimu itatha.

Sindikutsutsana ndi abusa kapena akuluakulu amene amamasulira maloto, aliyense ndi chikhulupiriro chake, ndipo ndikudziwa mawa inbox idzadza. Koma ine ndaona kuti mutu umangotenga zimene wasenza masana, mantha a mapepala, kusowa anthu ako, nkuziphatikiza usiku mmene wafunira. Agogo anga sanaonepo permit moyo wawo wonse. Amene amafunsa permit m'lotomo ndi ine ndemwe, ndi funso limene ndimaliopa kulifunsa masana, loti kodi ndikadzabwerera ndidzakhalabe wa kumeneko? Ana amene ndinawasiya akukwawa pano akundiyankha pa WhatsApp ndi mawu amodzi amodzi, bho, eya, zikomo. Kuno ndine mlendo, ndipo m'maloto kwathu komwe akundiimitsa pakhomo. Izi zokha bukulo silinandiyankhe.

Mwina nchifukwa chake usiku umene ndathamanga mmawa wake ndimagona bwino, kutopa kwake ndi kwina, si kuja kwa miyala ya abwana kumene umagona thupi likuwawa mutu uli maso. Ndikawerenga masamba angapo mmalo mwa foni, tulo timabwera msanga, yesani muone, foni ija kuwala kwake ndi mauthenga ake opempha ndalama sizigonetsa munthu.

Ndipo ndisanatseke, pali m'bale wina amene akumvera pano, sinditchula dzina koma akudzidziwa, amakhala ku Tembisa. Achimwene, munabwereka buku langa lija la tulo mukuti mukufuna mumvetse chifukwa chake mumalota mukugwa. Ndinabwera kwanu mwezi watha ndinaliona ndi maso anga, mwaliika pansi pa mwendo wa bedi kuti lisamagwedere. Ndinakhala chete chifukwa alamu analipo. Pezani njerwa, buku langa libwere Lamlungu, mukandipeza kuseri ndikunyamula miyala.