Mawu a M'mawa: Amene Sakuwiridwa Kuti "Mbava!"

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye, a ku Mufakose, Mabvuku, Dzivarasekwa, Epworth ndi kulikonse kumene uthengawu wakupezani. Lero tiwerenge Miyambo 30:8-9 ndi Amosi 8:4-6.

Aguri anapempha Mulungu kuti asam'patse umphawi kapena chuma, koma chakudya chomuyenera basi. Mantha ake sanawabise: "ndingasauke ndi kuba." Munthu woopa Mulungu ameneyu ankadziwa kuti njala ikakhazikika pakhomo, dzanja limafika kumene mtima sunafune. Ife amene tinali mumzinda muno wa Harare mu 2008 sitifunika wotiuza. M'masitolo munali mbee, ndalama yolandira m'mawa pofika madzulo inali yosakwana buledi, amayi ankakwera mabasi mpaka ku Musina ku South Africa ndi ku Francistown ku Botswana kukasaka ufa ndi mafuta ophikira. Chimanga cha m'madambo chinkathyoledwa usiku chisanakhwime, ndipo othyolawo sanali ochokera kutali.

Kuba n'kuba ndithu. Miyambo 6:30-31 ikuti anthu sanyoza wakuba chifukwa cha njala, komabe akagwidwa ayenera kubweza kasanu ndi kawiri. Mulungu amamvetsa mimba, koma tchimo salitcha dzina lina.

Chimene chandilemera mumtima m'mawa uno ndi china. Pa Mbare Musika mnyamata akangotola mulu wa tomato n'kuthawa, mfuu imamveka msika wonse: "Mbava! Mbava!" Anthu amasiya malonda awo, wina ndi thabwa, wina ndi lamba, ndipo pofika apolisi mwana wa eni ali magazi okhaokha. Koma chapafupi pomwepo pali ndowa yoyezera chimanga imene pansi pake anaimenya kuti ilowe m'kati. Imatchedwa ndowa ya malita 20, chonsecho sikwana. Pamwamba chimanga choyera, pansi chofumbwa ndi anankafumbwe. Mayi wamasiye amalipira mtengo wa ndowa yathunthu, akafika ku chigayo n'kumadabwa kuti ufa wachepa bwanji. Mwini ndowayo palibe amam'kuwira. Lamulungu amakhala pa benchi ya kutsogolo.

Anthu otere ndi amene Amosi ankawadzudzula ku Israyeli: ongoyembekeza kuti Sabata lithe atsegule malonda, ochepetsa muyezo n'kukweza mtengo, ogulitsa ngakhale zosesa za tirigu, ogula waumphawi ndi nsapato. Pa ndime 7 Yehova akulumbira kuti sadzaiwala ntchito zawo ngakhale imodzi.

Ndiye pali malipiro. Makolo athu anachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'makhitchini, ndipo ambiri a ife mpaka lero ndife ophika, a m'galadeni ndi alonda ku Borrowdale ndi ku Avondale. Tikudziwa kuwawa kwa mawu oti "udzalandira sabata yamawa" ana kunyumba atagona ndi madzi. Nanga bwanji ifenso tikapeza pang'ono timachitira zomwezo mtsikana wotilerera mwana? Deuteronomo 24:15 akulamula kuti waganyu wosauka alipidwe tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, chifukwa mtima wake uli pamenepo. Mukam'mana malipiro miyezi iwiri, iye tsiku lina n'kutapa shuga m'kabati, musathamangire ku polisi musanadzifunse kuti anayamba kubera mnzake ndani.

Pa chilala cha 2024, chimene boma linalengeza mu Epulo kuti ndi ngozi ya dziko lonse, ambiri tinapemphera kuti Mulungu adyetse anthu ake. Njira yake anaipereka kale pa Levitiko 19:9-10: pokolola musamalize m'mphepete mwa munda, musiyireko osauka ndi alendo. Rute, mlendo ngati ife, anadya ndi apongozi ake chifukwa Boazi anamvera lamulo limeneli. Minda ikuluikulu tilibe m'tauni muno, koma kapu ya ufa yopatsira pa mpanda ilipo, ndipo mwana wa pa nyumba yoyandikana akadya kwanu masana, madzulo sakalowa m'dimba la munthu.

Tipemphere. Atate, tipatseni lero chakudya chathu chalero. Gwirani dzanja la amene wadzuka alibe choika pamoto, lisafike pa chinthu cha mwini. Amene tili ndi ngongole ya malipiro a munthu, musatipatse mtendere mpaka titam'lipira. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.