"The ins and outs": tanthauzo lake ndi kagwiritsidwe kake

Moni nonse. Lero tikuunika mawu a Chingerezi akuti "the ins and outs". Amatanthauza tsatanetsatane wa chinthu, makamaka tinthu ting'onoting'ono timene munthu amatidziwa akakhalitsa pa ntchito.

Taonani chiganizo chili apachi: "She knows the ins and outs of the business." Mayi akunenedwayu sakungodziwa zimene amagulitsa ayi. Akudziwa kokaoda katundu motchipa, miyezi imene mitengo imakwera, mapepala ofunika polowetsa katundu m'dziko, ngakhale makasitomala ovuta kubweza ngongole.

Mawuwa ali ndi dongosolo lake. Muyambe ndi "the", kenako "ins and outs", kenako "of", n'kumaliza ndi chinthu chimene mukunenacho. Aneni amene amayenda nawo kwambiri ndi "know", "learn", "understand" ndi "explain". Pofunsidwa mafunso olowera ntchito mukhoza kunena kuti, "I learned the ins and outs of stock control." Komatu konzekani, chifukwa akakufunsani za "stock control" (kuyang'anira katundu wosungidwa pa bizinesi) inu n'kuchita chibwibwi, mwadzitchera nokha msampha.

Pamene ambiri amaphonya ndi pa "s". Ayenera kupezeka pawiri ponse, pa "ins" ndi pa "outs". Mukamusiya n'kunena kuti "in and out", tanthauzo lasinthiratu. "I was in and out in five minutes" ndiye kuti ndinalowa n'kutuluka m'mphindi zisanu zokha. Ena amaika kankhodolero, "in's and out's". Kachotseni, chifukwa "s" ameneyu akungosonyeza kuchuluka. Musawatembenuzenso kukhala "outs and ins".

Potchula, "s" wa mu "ins" amamveka ngati "z", ndipo "and" amamezedwa, amangotsala "n". Tiyeni titchule limodzi: inz-n-auts.

Chinthu chimene mukunenacho chikhale chokhala ndi mbali zambiri, monga malamulo a misonkho, injini ya galimoto kapena mlandu wa malo. Mukati "the ins and outs of boiling water", anthu aganiza kuti mukuchita nthabwala. Pocheza, mu imelo ya kuntchito kapena pamsonkhano mawuwa ndi oyenera ndithu, koma m'kalata ya mgwirizano kapena mu lipoti lopita kukhoti lembani "details" kapena "intricacies".