Filimu yopanda nyimbo: zomwe a ku Denmark anachita mu 1995

Moni nonse, takulandiraninso. Lero tili ku Scandinavia, makamaka ku Denmark, ndipo ndinene poyera kuti mafilimu a kumeneku ine ndimawakonda kwambiri.

Ambiri akawaonera amadandaula kuti anthu ake sayankhulayankhula, nkhani imayenda pang'onopang'ono, komanso kumangokhala kuli mdima. Sindikutsutsa. Koma tamverani chomwe chinandikoka.

Mu Marichi 1995, opanga mafilimu awiri, Lars von Trier ndi Thomas Vinterberg, anayambitsa gulu lotchedwa Dogme 95 ku Copenhagen. Anali atatopa ndi mafilimu odzaza ndi zokometsera, choncho anadziikira malamulo khumi. Kamera uinyamule m'manja. Ujambulire pamalo enieni, osamanga malo ongoyerekezera kapena kubwera ndi katundu wako. Magetsi apadera ojambulira, ayi. Nyimbo iloledwa pokhapokha ngati ikumveka pamalo pomwe mukujambulapo. Ngakhale dzina la wotsogolera filimu lisalembedwe.

Lamulo la nyimboli ndi lomwe ndikufuna tikhalepo pang'ono. Taganizani: mukamaonera filimu, ndani amakuuzani kuti apa lirani, apa chitani mantha? Kawirikawiri ndi nyimbo. Ikachotsedwa, mumatsala ndi nkhope ya munthu ndi kupuma kwake basi.

Filimu yoyamba ya gululi inali Festen ya Vinterberg, yomwe inatuluka mu 1998 n'kulandira mphoto pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Cannes, ku France. Bambo wolemera akukwanitsa zaka 60, achibale ndi anzake asonkhana ku hotela yake. Mwana wake wamwamuna wamkulu akuimirira ngati akufuna kuwathokoza, koma akuulula kuti bamboyo ankamugwirira iye ndi mlongo wake ali ana. Ndiye mukudziwa chomwe chikuchitika? Kuli zii kwa kanthawi, kenako anthu akupitiriza kudya. Mafoloko akugunda mbale. Palibe nyimbo yokutonthozani. Ine nditafika pamenepo ndinachita kuimitsa filimuyo, mtima ukugunda, chifukwa kamera yogwedezekagwedezeka ija imakukhazika patebulo pomwepo, ngati nawenso ndiwe mlendo amene wamva koma wasankha kukhala chete. Mkwiyo wanga sunali pa bamboyo yekha ayi, unali pa alendowo.

Kodi malamulo onse anawatsatira? Vinterberg mwiniwake anavomera kuti pamalo ena anaphimba zenera kuti kuwala kusinthe. Gululo linatha mu 2005, ndipo mafilimu ena omwe anatsatira njirayi ndi otopetsa, sindingakunamizeni. Vinterberg naye anabwerera ku magetsi ndi nyimbo, moti filimu yake ya Druk inapata mphoto ya Oscar mu 2021.

Koma Festen ndimaiikabe pamwamba. Ngati mukufuna kuiona, dziwani kuti nkhani yake ndi yolemera, si ya ana. Ioneni usiku kukakhala bata, foni mutazimitsa, ndipo mukafika patebulo paja muyang'anitsitse nkhope ya mayi wa banjalo.