Si mano ayi! Mwana akatsegula m'mimba musamadikire dzino

(Kamera ili pakhonde, mwana akusewera pamphasa kumbuyoku)

Amayi anzanga muli bwanji, azibambo amene mumaonera mobisa pafoni ya akazi anu nanunso takulandirani, agogo takulandirani. Lero ndili pakhonde pompano ku Kasungu, mvula yagwa usiku wonse nde ngati mukumva nkhuku kapena mwana akulira musadabwe. Nkhani ya lero ndi chisamaliro cha mwana wa miyezi 6 mpaka zaka ziwiri, koma pali chinthu chimodzi chimene chimandipweteka mtima kwambiri, ndichifukwa chake ndajambula vidiyoyi, musachoke pakati chifukwa chinthucho chinatsala pang'ono kunditengera mwana wanga. Musanaiwale dinani subscribe ndi kabelu kali pambalipo.

Tiyambe ndi zoyambirira, izi ndithamanga chifukwa ambiri mumazimva kusikelo.

Choyamba, kuyamwitsa. Miyezi 6 yoyamba bere lokha, madzi ayi, phala ayi, tiyi ayi, ngakhale kutenthe bwanji mu October. Ikakwana miyezi 6 yambani phala koma bere lipitirire mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira.

Chachiwiri, phala lisakhale lamadzi ngati thobwa. Phala la mgaiwa, tsirani nsinjiro, kuno kwathu mtedza ndi soya sitisowa, dzira, masamba opondaponda, kamafuta pang'ono. Magulu asanu ndi limodzi a zakudya aja mumaimba kusikelo, aziwoneka mum'bale ya mwana, osati pakamwa pokha. Amene mumandifunsa za ufa wanga wa phala wosakaniza soya ndi mtedza, ulipo, nambala ili m'munsi mwa vidiyomu, ndimatumiza pa kabaza mkati mwa boma muno, akutali ngati ku Santhe, Chamama, Nkhamenya tiziuzana pa WhatsApp.

Chachitatu, sikelo mwezi ndi mwezi, katemera yense, buku lija musalisiye kunyumba. Ndipo agone mu neti. Basi.

Tsopano chachinayi, apa nde ndikhala nthawi, konzani bandulo.

Mwana wayamba kutsegula m'mimba, mwasintha thewera kanayi kasanu, mukauza munthu wamkulu pakhomo, yankho limabwera msangamsanga, "aaa ndi mano amenewo, akamera asiya." Ndani sanamvepo mawu amenewa? Lembani mu makomenti ngati munauzidwapo, ndikufuna ndione kuti tilipo angati. Ine ndinauzidwa, ndipo ndinakhulupirira.

Mwana wanga wachiwiri anali ndi miyezi 8, inali January nthawi yopalira, tonse tili kalikiliki kumunda wa fodya. Anayamba Lachiwiri m'mawa, chimbudzi chamadzi. Apongozi anga anamuyang'ana mkamwa, anapeza nkhama yatupa kutsogolo kuno, nkunena kuti "apongozi musade nkhawa, dzino likubwera ili, ana anga onse ankatero." Ndipo sankanena mwa nkhanza ayi, mayi aja amawakonda adzukulu awo kuposa chilichonse, analera ana asanu ndi awiri, ine ndinali ndani kuti nditsutse. Tinadikira. Lachitatu chimodzimodzi. Lachinayi m'mawa ndikumusambitsa ndinaona kuti paliwombo palowa mkati ngati kachibowo, maso alowa, akulira koma misozi osatuluka, thewera kuyambira usiku mulibe mkodzo. Bere akuligwira pang'ono nkulisiya. Ndinamubereka, bambo ake anatikweza panjinga mpaka kuchipatala, ndipo anamwino atamutsina khungu la pamimba khungu lija linatsala chiimire, kubwerera pang'onopang'ono ngati chikopa chouma. Anamuika dripi tsiku lomwelo. Anapulumuka, ndi uyu mukumuona kumbuyoku akudya mango. Dzino lija linamera patapita sabata ziwiri, mwana atachira kalekale.

Nde tamverani bwinobwino. Kumera mano sikutsegulitsa m'mimba. Ndibwerezenso, dzino silitsegulitsa m'mimba. Chimene dzino limachita ndi ichi, dovu limachuluka, nkhama imatupa nkumayabwa, mwana amaluma chilichonse ngakhale bere lomwe, amavutavuta usiku, pena kudya amachepetsako tsiku limodzi awiri. Zimathera pomwepo. Dzino lili mkamwa, matumbo ali m'mimba.

Mundifunsa kuti nanga bwanji zimachitikira limodzi, agogo athu onse ananama? Sananame, anaona zoona, zimabweradi nthawi imodzi, koma chifukwa chake ndi china. Taganizani mwana wa miyezi 6, 7, 8 akutani. Ndi nthawi imene mano oyamba amayamba kutuluka, inde. Koma ndi nthawi yomweyonso wayamba kukhala yekha pansi, kenako kukwawa, pabwalo pomwe padutsa nkhuku, bakha, mbuzi, galu. Nkhama ikumuyabwa nde chilichonse wapeza chikupita mkamwa, chitsononkho, patapata wa bambo ake, chivindikiro cha botolo, dothi lenileni. Ndi nthawi yomweyonso tamuyambitsa phala, ndi sipuni imene mwina tangoitsuka pamadzi a mundowa, phala lophika m'mawa nkumupatsanso masana litazizira ntchentche zitaterapo, madzi akumwa a pachitsime osawiritsa. Komanso chitetezo chija anabadwa nacho kuchokera kwa mayi ake chimakhala chikuchepa miyezi imeneyi, thupi lake likuphunzira kudziteteza lokha. Zonsezi zikugwera pamiyezi imodzimodzi. Tizilombo talowera pakamwa, ife nkumaloza dzino.

Ndipo taonani chimene chimandikwiyitsa. Mano a ubwana alipo 20, amayamba pamiyezi 6 kumaliza chakuma zaka zitatu. Ndiye kuti kwa zaka ziwiri ndi theka nthawi iliyonse mukatsegula kukamwa kwa mwana mupezamo dzino lina likubwera. Nthawi iliyonse! Nde tikati ndi mano, matenda onse a zaka zimenezi tiziti ndi mano? Kutsegula m'mimba mano, kutentha thupi mano, kusanza mano, chifuwa mano. Abale, kuno ku Kasungu udzudzu mukuudziwa nthawi ya dzinja, mwana watentha thupi mpaka kuotcha dzanja inu mukuti dzino, pomwe ndi malungo. Dzino likhoza kufunditsa thupi pang'ono chabe, koma thupi likatentha zenizeni pitani akamubaye pachala, kuyeza kwake ndi kwa mphindi zochepa.

Amene mukuonera pa Facebook tumizani vidiyoyi kugulu la banja, makamaka kuli apongozi ndi azakhali, koma mutumize mwaulemu, osati ngati mukuwaphunzitsa.

Bodza limeneli lili ndi mng'ono wake, liwombo. Mwana watsegula m'mimba masiku awiri atatu tikudikira dzino, kenako liwombo lalowa, nde nkhani yasintha, akuti mwana wadwala liwombo tikapeze mankhwala opaka pamutu. Kumeta katsitsi, kupakapo zakudazakuda zija zosakaniza ndi mafuta, kumuveka mkanda. Amayi anzanga, liwombo si matenda. Ndi malo amene mafupa a mutu sanakumane, mwana aliyense amabadwa nawo, amatsekeka okha mwana akamafika chaka ndi theka, ena mochedwerako pang'ono. Likalowa mkati likukuuzani kuti madzi atha m'thupi. Madziwo atulukira kumunsi, inu mukupaka kumwamba, alowa bwanji? Tsiku limene mwataya kufunafuna mankhwala opaka ndi tsiku limene mwana akanamwa Thanzi, mankhwala a mupaketi aja obwezeretsa madzi m'thupi. Ndipo likatupa, litatukuka mwana asakulira, thupi litatentha, pamenepo musadikire kuti kuche, akhoza kukhala matenda oumitsa khosi.

Pali wina anandilembera pavidiyo yapita ija kuti ndimanyoza chikhalidwe. Ayi ndithu. Kubereka mwana kumbuyo ndi chitenje, kuyamwitsa paliponse osachita manyazi, mwana kuleredwa ndi mudzi wonse, zimenezi ndimanyadira ndipo anzathu akunja akuchita kuphunzira. Koma maliro a kamwana ndapitako, kabokosi konyamula munthu mmodzi m'manja, ndipo pamaliropo anthu nkumanong'onezana kuti anavutika ndi mano. Zimenezo sindingakhale chete.

Chabwino, nde tichite chani. Chachisanu.

Mwana akachita chimbudzi chamadzi katatu kapena kupitirira patsiku, yambani lero lomwe. Bere pafupipafupi kuposa masiku onse, musasiye. Thanzi, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa nkuzizira kapena othira klorini. Lita imodzi ndi mabotolo awiri a madzi a 500ml aja, musamayeze ndi maso, ndipo musagawe paketi pakati kuti musunge ina chifukwa mchere ukachuluka kapena kuchepa sagwira bwino ntchito. (Kuonetsa botolo, paketi ndi kapu) Mwana wosakwana zaka ziwiri, akangochita chimbudzi mumwetse kota mpaka theka la kapu, ndi sipuni, pang'onopang'ono, osati kumutsanulira. Akasanza dikirani mphindi 10 muyambirenso mwapang'ono kwambiri. Otsala akagona tsiku lathunthu, maola 24, tayani musungunule ena. Zinki nayenso, timapilisi tija mumasungunula mu mkaka wa m'mawere kapena timadzi pasipuni, tsiku lililonse masiku 10 mpaka 14 monga akuuzirani azaumoyo, ngakhale mwana asiye kutsegula tsiku lachitatu malizani. Ambiri timalekera panjira pomwe zinki ameneyu ndi amene amathandiza matumbo kuchira komanso kuti zisabwererenso msanga. Kumidzi yotalikira chipatala alangizi azaumoyo amakhala nazo izi kukiliniki ya m'mudzi, afunseni, ndi ntchito yawo.

Ndipo phala asasiye. Ena amati m'mimba mupume kaye, ayi, mwana akatsegula m'mimba nkusiyanso kudya ndi pamene sikelo imatsika nkuyamba kunyentchera. Pang'onopang'ono kangapo patsiku, akachira muonjezereko chakudya chimodzi patsiku kwa sabata ziwiri.

Makapusozi a mugolosale kutsegula nkuthira ufa wake pasipuni, siyani. Zakumwa zotsekemera za m'mabotolo, siyani, shuga wake amaonjezera kutsegulako.

Chachisanu ndi chimodzi, zizindikiro zoti musiye chilichonse ngakhale fodya ali pachigafa. Akukana bere kapena kumwa, akusanza chilichonse, wafooka osadzuka bwino, akukomoka, chimbudzi chili ndi magazi, maso alowa, liwombo lalowa, sakukodza. Chimodzi chokha mwa izi, kabaza, chipatala, mukumumwetsa Thanzi panjira. Azibambo apa nde pamene timakufunani, ndalama ya kabaza isamadikire kuti soya agulidwe. Ndipo chimbudzi chikakhala ngati madzi otsukira mpunga, chikungotuluka osaleka, mukukumbukira kolera ya 2022 ndi 2023 momwe inatipwetekera dziko lonse, musagone nazo.

Chachisanu ndi chiwiri, kupewa, mwachidule. Mpondagiya pafupi ndi chimbudzi ndipo pakhale sopo, kusamba m'manja mukasintha thewera komanso musanamudyetse, ndi timanja take tomwe timusambitse chifukwa ndi timene timapita mkamwa. Chimbudzi cha mwana chili ndi tizilombo ngati cha wamkulu, chikatayidwe kuchimbudzi osati kuseri kwa nyumba. Muyalireni mphasa posewera, sesani zitosi. Katemera wa rota, madontho a mkamwa aja amalandira pa masabata 6 ndi 10, anayamba kuno ku Malawi mu 2012, ndi wa kutsegula m'mimba kumene, yang'anani m'buku ngati analandira onse awiri.

Nanga nkhama ikamamuyabwa? Sambani m'manja, mumusisite ndi chala, kapena kansalu koyera konyowa ndi madzi owiritsa ozizira azilumaluma. Osatema nkhama, osapaka phulusa kapena mankhwala aliwonse.

Apongozi anga aja pano ndi amene amasunga mapaketi a Thanzi pakhomo pathu, ali mukachitini pamwamba pa kabati, ndipo mwezi watha mwana wa aneba atayamba kutsegula ndi iwo anapita ndi botolo kukasungunula. Ndinawapempha kuti abwere tidzajambule limodzi, avomera, nde Loweruka likubwerali tikhala nawo pakhonde pompano tikambe za mazira, zoti mwana akadya dzira amachedwa kuyankhula. Mafunso anu kwa iwo lembani m'munsimu, like musaiwale, ufa wa phala watsala mapaketi ochepa. Ndikamutenge uyu kaye, wayamba kulowera kukhola la nkhuku.